Mbuna za M'galasi ndi Funso Limene Adaliletsa

Madzulo a Loweruka lina, m'nyengo ija ya chisanu cholasa mpaka m'mafupa imene aliyense wokhala ku Johannesburg amaidziwa, mwana wa mlongo wanga, amene adachoka kwathu ku Chembe zaka zingapo zapitazo nakapeza ntchito yotsuka mathanki m'sitolo yogulitsa mbalame ndi nsomba zoweta, adanditenga kunka nane kwa mkulu wina kumene kumasonkhana kamodzi pamwezi anthu okonda nsomba za m'madzi opanda mchere. Kwathu munthu akati amakonda nsomba timamva za ndiwo. Koma anthu awa nsomba zawo sazidya, amaziweta m'mathanki agalasi, kuzidyetsa m'mawa ndi madzulo, kuzitenthetsera madzi ndi magetsi, ndi kukhala pansi nthawi yaitali akuzipenya monga mwini khola apenyera ng'ombe zake zikamalowa dzuwa litapendeka.

Titalowa m'galaja ya mkuluyo, imene galimoto idatulutsidwamo kalekale kuti mathanki apeze malo, ndidaima chilili, pakuti zimene zinkasambira kuseri kwa magalasi aja zidali nsomba za kwathu, tinsomba tija ta m'miyala timene Atonga adatitcha mbuna, timene ife tili ana tinkatiwedza ndi kambedza ka singano yopinda n'kutitaya pamchenga osatiwerengera. Tina tidali tabuluu ta mizere yakuda, tina tachikasu ngati papaya wakupsa, tina tamawangamawanga ngati nkhanga. Koma chimene chidandigwira mtima koposa ndi timapepala tomatidwa pa galasi lililonse, pamene padalembedwa dzina la nsomba m'Chilatini, ndipo pambali pake dzina la malo: Usisya, Ngara, Likoma, Chizumulu, Mbenji, Maleri, Nkhata Bay. Anthu amene ambiri a iwo sadapondepo mchenga wa nyanja yathu ankatchula malo amenewa mosaphonya, monga munthu atchulira midzi kumene adakwatiwa alongo ake.

Tili chimwere tiyi, mtsikana wina amene adali atangoyamba kumene kuweta nsomba adaima pa thanki ya tinsomba tachikasu, nafunsa chifukwa chimene dzina lake, Labidochromis caeruleus, lili ndi liwu lotanthauza buluu pamene nsombayo ndi yachikasu. Bambo wina wa imvi adamuyankha bwino lomwe, kuti Geoffrey Fryer, amene adailemba nsombayi m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1956, adaipeza ku Nkhata Bay kumene imaoneka yoyera mopita ku buluu, ndi kuti yachikasuyi kwawo ndi pa malo otchedwa Lion's Cove, kumpoto pang'ono kwa dokolo. Mtsikanayo sadalekere pomwepo, pakuti safunsa adadya phula. Adafunsanso kuti nanga zidatheka bwanji kuti nsomba imodzimodzi ivale zovala ziwiri m'malo oyandikana chotere, ndipo zidatheka bwanji kuti nyanja imodzi ikhale ndi mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse pansi pa thambo. Mnyamata wina adayankha ndi liwu limodzi la Chingerezi, evolution, limene ife timati chisinthiko cha zamoyo. Ndipo asadapitirize, mwini nyumba adakweza dzanja mwaulemu nakumbutsa onse kuti m'gulu lawo za chipembedzo ndi za ndale zimatsala pakhomo. Kudagwa bata, kotero kuti tinkangomva kubwata kwa mpweya m'mathanki. Mphwanga adandinong'oneza nati, "Malume, musadabwe, nkhani imeneyi idabalalitsapo anthu muno, ndipo ena mpaka lero sapatsana moni."

Mkulu uja sindimuweruza, pakuti wosunga mudzi ndiye adziwa kuwawa kwa ndewu, ndipo lamulo lake lidabadwa mumtima wofuna mtendere. Komatu ndidabwerera kumene ndinkagona mtima uli wolemera, chifukwa funso la mtsikana uja lidali funso la nsomba, lofunsidwa pakati pa anthu a nsomba, pamaso pa nsomba zomwezo. Ndipo ngati funso lotere silingayankhidwe pamalo otero, kodi lidzayankhidwa kuti? Bata lobwera ndi mantha ndi mulandu wongokwiriridwa, ndipo akuluakulu adanena kale kuti mulandu suola.

Tiyambe ndi zimene maso angathe kuona. Nyanja ya Malawi, imene anzathu a ku Tanzania amaitcha Nyasa ndipo a ku Mozambique amati Niassa, ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo pamene idazama kopambana, chakumpoto, imafika mamita 700; koma kutsika kupyola mamita 250 kapena apo madzi ake alibe mpweya wopatsa moyo, chotero nsomba zonse zimakhala m'madzi a pamwamba okha. Akatswiri amawerengera kuti m'menemo muli mitundu yoposa 800 ya nsomba za banja limodzi lotchedwa cichlid, banja la chambo, utaka, ncheni, chisawasawa, kambuzi, ndunduma ndi mbuna, pamene kampango, usipa ndi mpasa ndi a mabanja ena. Chiwerengero chimenechi chikuposa mitundu yonse ya nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere za ku Ulaya konse, palibenso nyanja ina padziko yolingana nayo, ndipo pafupifupi mitundu yonseyi kwawo ndi komweko basi. N'chifukwa chake paki ya nyanja idakhazikitsidwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi, poona kuti nsomba zake n'zofunika pa maphunziro a chisinthiko mofanana ndi timbalame totchuka ta pa zilumba za Galapagos, kumene Charles Darwin adafika mu 1835.

Munthu wofuna kuona chodabwitsa cha nsombazi asathamangire utoto wa khungu, ayambe wapenya pakamwa. Ilipo mbuna yotchedwa Labeotropheus, imene pakamwa pake padatembenukira pansi, pamwamba pake pali mphuno yonenepa, ndipo mano ake adandandalika ngati tisemasema, kotero kuti imapala ndere za pamwala itagona chafufumimba ngakhale mafunde a mwera akuikankha. Ilipo Aulonocara, imene kunsi kwa nsagwada zake kuli timaenje tomvera. Imaima zii pamwamba pa mchenga monga mlenje wobisalira, ndipo kachilombo kakangogwedezeka pansi, iyo imabaya mchenga ndi mlomo n'kukatulutsa. Alipo kalingono, amene m'mabuku adapatsidwa dzina la Livingstone: iyeyu amagona cham'mbali pansi pa nyanja, thupi lake lili mabalamabala ngati nsomba yoyamba kuvunda, ndipo tinsomba tikabwera kudzajompha mtembo, mtembowo umadzuka n'kutimeza. Ina idavala maonekedwe a chambo, imalowa m'gulu la chambo ngati mbale, n'kumanyenya mamba a kumchira kwa anzake. Ina imagunda mutu wa nsomba yaikazi yofungatira ana m'kamwa kuti iwalavule, iyo idye. Ncheni ndi wosongoka ngati mkondo wothamangitsira usipa. Zina zimaphwanya nkhono ndi mano ophwatalala ngati mphero, ndipo ife a ku Chembe tili ndi chifukwa chozilemekezera, pakuti ofufuza adaona kuti pamene nsomba zodya nkhonozi zidachepa chifukwa cha makoka, nkhono zidachuluka, ndipo likodzo lidachuluka nazo pamodzi.

Chinsinsi chimodzi cha luso lonseli chili kummero. Nsomba za banjali zili ndi nsagwada zachiwiri mkati mwa mmero, zimene zimagwira ntchito yotafuna ndi yopera. Ndipo popeza ntchito yolemetsayo idapeza mwini wake, nsagwada za kutsogolo zidatsala zomasuka kukhala chipangizo chilichonse, kaya khasu, kaya mbano, kaya lumo.

Tsono chiphunzitso cha chisinthiko chimanenanji? Mutu wake ndi waufupi kuposa mbiri yake, ndipo mlimi aliyense amaudziwa ngakhale sadaupatse dzina. Ana a mimba imodzi safanana ndendende. Kusiyana kwina kumapita ku zidzukulu. Ndipo obadwa ndi ambiri kuposa amene adzakula n'kubereka. Agogo anga aakazi, chimanga chikalowa m'nkhokwe, ankasankha zisononkho zazikulu za maso odzaza bwino n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzitchinjirize ku anankafumbwe. Ndipo pochita chotero chaka ndi chaka, iwo ndi makolo awo adali kuumba mbewu yawo, monga momwe alimi a ku Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, adayambira kuumba chimanga kuchokera ku udzu wa kuthengo wotchedwa teosinte. Darwin adati m'chilengedwe namonso muli kusankha kotere, kungoti wosankha ndi njala, adani, matenda ndi malo. Nsomba imene mano ake adapendeka pang'ono mothandiza kupala ndere imakhuta, imakula, imasiya ana ambiri. Ana ake amatengera. Ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Palibe nsomba imodzi imene imagona ili mtundu wina n'kudzuka ili wina. Chimene chimasintha ndi fuko lonse, m'mibadwo zikwizikwi. Ndipo amene akuyesa kuti izi n'za m'mabuku a kunja akumbuke mankhwala a malungo: chloroquine, amene kale ankachiza, adafika poleka kugwira ntchito chifukwa tizilombo topirira ndito tinkatsala n'kuswana, mpaka mu 1993 dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar, ndipo patapita zaka, ofufuza ku Blantyre adapeza kuti tizilombo tomvera chloroquine tabwereranso, popeza chimene chinkatipha chidachoka.

Koma kusintha ndi kwina, kugawikana n'kukhala mitundu yambiri ndi kwinanso. Ndipo apa ndi pamene nyanja yathu imaphunzitsa momveka kuposa mphunzitsi aliyense. Gombe lake si lamiyala lokhalokha: pali thanthwe apa, kenaka mchenga wautali, kenaka thanthwe lina, kenaka madzi akuya, kenaka chilumba. Mbuna ndi nsomba yokakamira pakhomo, imene kuoloka mchenga woyera kumene kulibe pobisala imakuopa monga mwana aopera kudutsa kumanda usiku. Kuwonjezera apo, mazira ake satengedwa ndi mafunde kunka kutali, pakuti mayi amawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa milungu itatu kapena kuposerapo, osadya kanthu, mmero uli tutumu, kufikira tiana titatha kusambira, ndipo amatilavulira m'ming'alu ya miyala yomweyo imene iye adakuliramo. Msodzi aliyense amene adaonapo tiana tikukhuthuka m'kamwa mwa chambo chokodwa mu ukonde akudziwa chimene ndikunena. Chotero thanthwe lililonse lili ngati mudzi wozingidwa ndi chipululu, kumene anthu amakwatirana okhaokha, ndipo kusiyana kukabuka pamenepo kumakhazikika pomwepo. Chinenero chathu chomwe chidayenda njira yofanana: Mnyanja wa ku Likoma, Mchewa wa ku Kasungu ndi Mmang'anja wa ku Chikwawa adatuluka m'nyumba imodzi ya mawu, palibe tsiku limene mfumu idalamula kuti asiyane, koma mapiri, madzi ndi zaka zidachita ntchito yake mpaka lilime la aliyense lidayamba kumuulula kumene achokera.

Chotsala ndi ukwati. Nsomba zazimuna ndizo zimavala zonyezimira, ndipo zazikazi ndizo zimasankha. M'madzi a mchenga a kwathu muli nsomba za mtundu wa utaka zimene zazimuna zake zimamanga timilu ta mchenga, kutuma mlomo kunyamula mchenga kamwa limodzilimodzi kwa masiku ambiri, zikwizikwi pabwalo limodzi, ndipo yaikazi imayendera timiluto monga apongozi ayendera munda wa mkamwini isadavomere; asayansi pofuna dzina la fuko limeneli adabwereka liwu lathu, nalitcha Mchenga, monganso adatchera fuko lina la mbuna Chindongo. Ngati zazikazi za pa thanthwe lina zikonda buluu ndipo za pa thanthwe lina zikonda chikasu, mafuko awiriwo angathe kudzakumananso osazindikirana. Ofufuza adayesa zimenezi ndi nsomba za ku nyanja ya Victoria: pansi pa kuwala koyera yaikazi inkasankha yaimuna ya mtundu wake, koma atawalitsa nyale ya utoto umodzi yobisa maonekedwe, inkalandira iliyonse. Ndipo oweta nsomba ali ndi mboni ina m'mathanki awo omwe, kansomba kotchedwa guppy: John Endler, m'zaka za m'ma 1970, adasamutsa tinsombati pa chilumba cha Trinidad kuchoka kumene kudali adani olusa kupita kumtunda kwa mathithi kumene adaniwo kulibe, ndipo patangotha zaka ziwiri zidzukulu zazimuna zidali zamawanga owala kuposa makolo awo.

Nyanja nayo sidakhale malo amodzi. Mu 2005 akatswiri adaboola pansi pake natulutsa matope osanjikizana a zaka mazana a zikwi, ndipo matopewo adaonetsa kuti padali nyengo za chilala choopsa, zaka zoposa 100,000 zapitazo, pamene madzi adaphwa mamita mazana angapo, zilumba n'kukhala mapiri a pamtunda. Madzi pobwerera ankamiza miyala yatsopano, nsomba n'kumabalalika, kukumana ndi kusiyananso. Mu 2018 gulu la ofufuza, pakati pawo Milan Malinsky ndi Richard Durbin, lidasindikiza zimene lidapeza litawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanja yathu, ndipo lidaona kuti pa zilembo 1,000 zilizonse za DNA, zosiyana pakati pa mtundu ndi mtundu sizifika ngakhale zitatu, pamene anthu awiri osakhala pachibale amasiyana pafupifupi chilembo chimodzi pa 1,000. Ndiko kunena kuti ncheni wa mkondo uja ndi mbuna yopala ndere ndi abale a pafupi zedi. Ndipo kupatula chambo ndi anzake owerengeka, amene adalowa m'nyanja mwa njira yawoyawo, khamu lonseli lidatuluka mwa makolo amodzi a m'mitsinje, m'nyengo ya zaka pafupifupi 1 miliyoni.

Pali chinthu china m'mbiri chimene ndimachisinkhasinkha kawirikawiri. David Livingstone, mtumiki wa Uthenga Wabwino, adafika pa nyanja yathu mu Sepitembala 1859. Ndipo mu Novembala chaka chomwecho buku la Darwin lotchedwa On the Origin of Species lidatuluka ku London. John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa Livingstone, ndiye adatola nsomba zoyamba za m'nyanjayi zimene zidafika ku Britain, ndipo Albert Günther adazilemba mu 1864. Pambuyo pake Ethelwynn Trewavas, mayi amene adathera moyo wake pa nsomba za banjali, adazisanthula mu 1935 nadzafika yekha kunyanja mu 1939. Chotero njira imene idabweretsa mishoni ndi yomweyo imene idatengera nsomba zathu ku sayansi. Ndipo Livingstone ndi Darwin, amene anthu ena amawayesa atsogoleri a magulu ankhondo awiri, adaikidwa m'tchalitchi chimodzi cha Westminster Abbey, wina mu 1874, wina mu 1882.

Ndibwerere ku timapepala ta pa galasi tija, pakuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani yanga. Oweta mbuna ali ndi lamulo limene amalisunga mwa changu chonse: nsomba ya ku Usisya isaikidwe m'thanki imodzi ndi mbale wake wa ku Ngara, kuopa kuti zingakwatirane n'kubala ana osokonezeka, amene iwo amawatcha hybrid ndipo safuna kuti agulitsidwe ndi dzina la makolo. Amalembanso kuti iyi idagwidwa m'nyanja, iyi ndi F1, ndiye kuti mbadwo woyamba wobadwira m'thanki. Kodi munthu amene amachita zonsezi sakuvomereza kale kuti malo amaumba nsomba, kuti maonekedwe amayenda m'magazi, ndi kuti mpanda wa pakati pa mitundu ndi wosakhwima, wotheka kugwa? Amalankhula za chisinthiko ndi manja ake tsiku lililonse, pakamwa pokha ndi pamene paletsedwa. Ndipo kusadziwa chifukwa cha lamulo kuli ndi mtengo wake. M'zaka za m'ma 1960 wogulitsa nsomba kunja wina adatayira pa chilumba cha Thumbi West, chimene timachiona tili pakhomo ku Chembe, mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja. Imodzi mwa izo, Cynotilapia afra, idakhazikika, idakwatirana ndi eni malo, ndipo patapita zaka makumi owerengeka ofufuza adapeza kuti za kumpoto kwa chilumbacho zayamba kale kusiyana ndi za kummwera kwake. Ku nyanja ya Victoria, nsomba yolusa ya Nile perch imene idaikidwamo m'zaka za m'ma 1950 idathandiza kufafaniza mitundu pafupifupi 200, ndipo kumene madzi adada ndi zinyalala za kumtunda, zazikazi zidaleka kuona bwino maonekedwe a amuna, mitundu n'kuyamba kusungunukirana. Ife amene tikudula mitengo m'mapiri, mitsinje n'kumatsanulira matope ofiira m'nyanja dzinja lililonse, tikumbuke kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono nanga chikhulupiriro? Ine ndine munthu wa pemphero, ndidaleredwa pa sukulu ya mishoni, ndipo nkhani ya chilengedwe ya m'buku la Genesis ndidaiphunzira ndisadadziwe kupalasa bwato. Sindilankhula ngati mlendo pa zimenezi. Ndikudziwa kuti pali abale ndi alongo, a mipingo ina ndi a Chisilamu ena, amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtundu uliwonse udalengedwa monga uliri lero, ndipo anthu amenewa si opusa, ambiri a iwo amadziwa nsomba kuposa owaseka. Ndikudziwanso kuti okhulupirira ena ambiri sapezapo chokhumudwitsa: Gregor Mendel, amene ndi nsawawa zake adatulukira malamulo a kutengera kwa makolo, adali wansembe ku Brno, Papa Pius XII mu 1950 adalola kuti nkhani ya chisinthiko cha thupi ifufuzidwe, ndipo Papa John Paul II mu 1996 adavomereza kuti umboni wake wakula. Kwa ine, kudziwa mmene mbiya idaumbidwira, dothi lake, madzi ake ndi moto wake, sikuchotsa ulemu wa woumba. Ndipo ndikaona kalingono atagona ngati wakufa, mtima wanga umadzala ndi mantha oyera omwe aja amene ndimamva m'nyumba ya mapemphero. Koma awa ndi maganizo anga, ndipo sindingawakakamize pa munthu.

Chimene ndikupempha ndi mwambo wa pabwalo. Makolo athu sankathawa milandu yovuta. Ankakhala pansi pa mtengo, wina n'kulankhula mpaka kumaliza, mnzake n'kuyamba wabwereza zimene wamva asadayankhe, mboni n'kuitanidwa, ndipo wonyoza mnzake ankalipitsidwa ngakhale mulandu utamukomera. Wokonda sayansi aleke kuyankha funso ndi chipongwe, ndipo asanamizire nsomba kuti zatsimikiza kuti kulibe Mulungu, pakuti nsomba sizidanenepo zotero. Wokayika naye ayambe wamva chimene chiphunzitsocho chimanena, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa: ambiri amakana mawu akuti munthu adabadwa kwa nyani, pamene asayansi amanena kuti anthu ndi anyani akuluakulu adatuluka mwa kholo limodzi lakalekale, monga asuweni. Ndipo mafunso a wokayika ayankhidwe moona. Akati, "Komatu nsombazo zidakhalabe nsomba," wanena zoona, pakuti zaka 1 miliyoni n'zochepa. Umboni wa kusintha kwakukulu uli m'miyala, monga mafupa a Tiktaalik amene adapezeka kumpoto kwa Canada mu 2004, a cholengedwa cha zaka 375 miliyoni chokhala ndi mamba a nsomba komanso khosi ndi mafupa olimba m'zipsepse, ndipo ngakhale m'madambo a kumunsi kwa Shire muli nsomba ya mapapo imene imapuma mpweya wa kunja n'kugona m'matope chilimwe chonse. Akati, "Ngati zikukwatirana m'thanki, bwanji mukuti ndi mitundu iwiri?" wafunsa funso limene akatswiri omwe amakanganirana, chifukwa nthambi imene yangoyamba kumene kupatuka sidziwika bwino pamene yasiyanira ndi thunthu.

Ndisadabwerere kumudzi, mphwanga adanditenganso ku galaja kuja. Ndidapempha mwini nyumba kuti andilole, monga mlendo wochokera kumene nsomba zake zidachokera, ndifotokoze za Thumbi West ndi za matope a m'dzinja. Ndipo iye, ataganiza nthawi, adati msonkhano ukatha otsala atsale, koma aliyense alankhule za chimene adachiona ndi maso kapena kuchiwerenga yekha, ndipo wokweza mawu atuluke. Tidatsala anthu asanu ndi awiri, titazungulira thanki ya saulosi, kambuna kamene kwawo ndi thanthwe limodzi lokha la pansi pa madzi lotchedwa Taiwanee, pafupi ndi Chizumulu, kamene kadatchedwa dzina la Mmalawi wolowa pansi pa nyanja, ndipo kadachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, mpaka okonda nsomba adayamba kubwezera komweko toberekedwa m'mathanki.

Bambo wa imvi uja, amene adadziwa za Fryer, ndiye adali wokayika wamkulu. Adanena modekha kuti iye amakhulupirira kuti dzanja la Mlengi ndilo lidaika kansombako pa thanthwe lake. Mnyamata uja adayankha kuti iye amaona kuti makolo ake adatsekeredwa pamenepo madzi atakwera. Ndipo adayankhana kanayi kapena kasanu, wina osagonja, wina osapsa mtima, mpaka adapezeka akuthandizana kuwerenga pa mapu kutalika kwa madzi akuya a pakati pa Taiwanee ndi Chizumulu. Ali mkati motero, mphwanga adandigwira mkono nati, "Malume, taonani pakona apo." Yaikazi yachikasu, imene idakhala milungu itatu kuseri kwa mwala mmero uli wotupa, idatsika pamchenga, idayasamula, ndipo tiana tidatuluka kamodzikamodzi, tating'ono ngati njere za mpunga, tonse tachikasu ngati mayi wawo. Mtsikana uja adagwada pansi, mphuno pafupi ndi galasi, nawerenga mpaka 14, ndipo adafunsa kuti tabuluu tili kuti, popeza bambo wawo ndi wabuluu wa mizere yakuda. Bambo wa imvi adamuuza kuti onse amabadwa achikasu, ndi kuti adikire miyezi ingapo, aamuna adzayamba kuda pazipsepse. Ndipo mnyamata uja adapita kukatenga kaukonde kuti awapatule asadadyedwe.